Tsamba la Mai Gwenzi

Ratidzo atagwira foni yake m'mawa wa Lachinayi anapeza ikuthamanga ngati yatsopano, ndipo mtima unangoti phwii. Foni imeneyi chiigulireni inali isanathamangepo.

Anali telala pa Sakubva, ku Mutare, ndipo buku la masitayilo analibe. Munthu akabwera kudzasoketsa, ankafufuza naye pa intaneti mpaka apeze diresi yomugwira mtima, kenako tsambalo ankalisiya lotsegula kufikira chovala chitasokedwa. Masamba otere anali atapitirira mazana awiri. Wina akanati n'chipwirikiti, koma iye ankadziwa mwini wa tsamba lililonse.

Lero munali tsamba limodzi lokha, loyera mbee.

"Bambo a Kuziva! Foni yangayi mwaitani?"

Takawira, mwamuna wake, anali pakhomo pa shopu akumwa tiyi. Chiphunzirireni kompyuta kwa masabata awiri kuntchito kwawo, bamboyu foni ya aliyense ankaiona ngati wodwala wofunika jakisoni.

"Ndaitsuka," anatero monyadira. "M'malo mothokoza mukukuwa? Imapuma movutikira ndi zinyalala zanuzo. Ndachotsa zonse, ndi mndandanda wa zomwe munatsegulapo womwe."

"Zinyalala? Anakutumani ndani?"

"Foni si dengu, mai a Kuziva. Munthu wadongosolo akamaliza amatseka."

"Ndinakuuzani kuti ndamaliza?"

Makasitomala ena sanamudetse nkhawa; akanawaimbira, akanang'ung'udza, n'kudzasankhanso. Koma panali tsamba limodzi limene mwini wake sakanaimbiridwa. Mai Gwenzi anabwera mu Febuluwale, ataonda kale ndi matenda, n'kukhala pampando wapakona maola awiri kusankha diresi ya ukwati ya mwana wawo Mazvita, amene ankagwira ntchito ku Bulawayo. "Musamutumizire chithunzi," anatero. "Adzaione yekha tsiku lodzayeza." Anamwalira mu Meyi. Ndipo tsiku lodzayezalo linali lero, teni koloko.

Ratidzo anayamba kufufuza mwaukali. Madiresi oyera anatuluka mbwee, onse ofanana. Ankakumbukira manja aatali. Nanga pakhosi panali lesi kapena timabatani? Anali ataona madiresi ochuluka bwanji chichokereni tsikulo! Analisunga tsambalo miyezi isanu, foni ikutentha, batire likutha masana, kuti munthu adzalifafanize ndi chala chimodzi akudikira madzi a tiyi kuti awire.

Atamufotokozera, Takawira anakanda kumutu pang'ono, koma manyazi sanamukhalitse.

"Aa, nkhani yake ndi imeneyo? Ingosankhani iliyonse ya manja aatali. Mwanayo sanaionepo. Adziwa bwanji?"

"Mukuti ndinamize mwana wamasiye?"

"Si kunama, n'kumuthandiza."

"Ngati mmene mwandithandizira ine?"

Asanayankhe, kombi inaima kutsidya kwa msewu. Mazvita anatsika, chikwama paphewa, n'kulowa akuomba m'manja mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, mai? Mwadzuka, bambo?" Anaseka, koma maso anali atadzaza misozi. "Njira yonse ndimangoyerekeza m'mutu. Amayi ankakonda zovala zophimba thupi lonse, mwina andisankhira ya asisitere! Ndionetseni, mai."

Ratidzo anayang'ana foni. Panali diresi ya manja aatali, yokongola ndithu, imene mtsikanayo akanaikumbatira n'kulira. Akanaivala, n'kudzauza ana ake kuti anasankha ndi agogo awo. Takawira anali kumutsinzinira diso, akuloza foniyo ndi mlomo.

Kutsinzinako n'kumene kunamupsetsa mtima kuposa zonse. Munthu waononga, ndiye bodza lake asenze wina?

Ratidzo anatseka tsambalo. Anakoka mpando wapakona uja n'kumukhazika Mazvita.

"Khala apa, mwana wanga. Amayi ako anakhala pomwepa maola awiri, akukusankhira. Zimenezo ndinaona ndi maso anga, ndipo ndikuuza zonse zomwe ndikukumbukira." Kenako anatembenuka, nachotsa kapu ya tiyi m'manja mwa mwamuna wake, n'kumupatsa foniyo. "Koma kaye, bambo awa ndi amene amadziwa za mafoni. Akufotokozera kumene kwapita diresi yako."

Mazvita anakweza maso, akumwetulirabe, kudikira.

Takawira anaweramira foniyo. Anayendetsa chala pafoni, uku ndi uku, kufunafuna. Foniyo inali kuthamanga bwino kwambiri.