Getsi Lotentha

Linali tsiku lomaliza kuyeserera, mawa lake anthu adzaone sewero koyamba. Kunja dzuwa linkawomba kwambiri, koma mazenera a muholo anali atatchingidwa ndi nsalu zakuda. Mayi woyang'anira magetsi, amene anzake ankamutcha Nyali, anakhala kumbuyo pa tebulo la masiwichi, mtima uli m'malo. Magetsi atsopano amene anawalirira nthawi yaitali anali atafika, ndipo anawapachika yekha dzulo lake. Ankawala bwino, osatentha ngakhale pang'ono. Akale aja anawaunjika m'katoni.

Pasiteji panali a Telala, bambo wachikulire amene dzina la m'sewero lina lakale linawakanirira. Kumapeto kwa seweroli ankayenera kuima okha pakati pa kuwala n'kulankhula mawu otsiriza. Koma ulendo uliwonse ankaima pambali, mumdima.

"A Telala, anthu akubwera kudzaona nkhope, osati chithunzithunzi," anatero a Dayilekita, wotsogolera seweroli.

"Kapena ndikukolekeni getsilo m'khosi, bambo?" Nyali anaponyapo, ali kumbuyo komweko.

Holo yonse inaseka. A Telala nawo anaseka.

"Tikapuma tibwerezanso. Mukaphonya, mawu amenewa ndipatsa wina," anatero a Dayilekita.

Ena akutuluka, a Telala anatsalira. Nyali anawaona akukweza nkhope, akutembenuza tsaya pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati munthu wofuna kumva kumene kukuchokera mphepo. Apo m'pamene zinthu zinalumikizana m'mutu mwake. Masiku ano a Telala ankamulonjera iye akayamba walankhula. Akawapempha pulayala, ankayamba apapasa zida zonse m'bokosi. Maso awo anali atachita nkhungu, ndipo kuwala kwawo pasiteji ankakupeza ndi kutentha kwa getsi pankhope. Amene anachotsa kutenthako anali iye mwini posintha magetsi, kenako n'kuwaseketsa pagulu.

Anaganiza zowauza a Dayilekita. Koma kutero kukanakhala kuvula munthu wamkulu anthu akuona, pa chinthu chimene mwini wake anachisunga mwakachetechete. Anaweramira pa masiwichi aja. "Ambuye, pakamwa pangapa," anangotero.

Anatulutsa getsi limodzi lakale m'katoni, nalipukuta ndi nsonga ya malaya, n'kukoka makwerero. Asanakwere patali anamva makwerero akhazikika. A Telala anali atawagwira pansi, monga ankachitira nthawi zonse popanda wowapempha.

"Atsopano aja afa kale, mwana wanga?"

"Limodzi likuphethira, bambo."

Bodza limenelo nalo analiwonjeza pa zimene adzapepese kwa Mulungu. Anamanga getsilo, naloza nalo pakati penipeni pa siteji, nalimbitsa nati mpaka chala chinawawa.

Anthu atabwerera, Nyali anayatsa. A Telala anayenda, anakweza nkhope pang'ono, anasuntha phazi, n'kuima. Kuwala kunawagwera kuyambira pamutu mpaka pansapato. Analankhula mawu awo onse, thukuta likutsika m'masaya.

"Nanga poyamba paja chinavuta n'chiyani?" anatero a Dayilekita, napitiriza zina.

Potuluka, a Telala anadzera pa tebulo la masiwichi, dzanja likutsata mipando. Anasiyapo kapu ya madzi, pafupi ndi chigongono cha Nyali.

"Getsi la m'khosi lija usavutikenso nalo," anatero motsitsa mawu.

Nyali anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anagwira kapuyo ndi manja awiri.