Nyale ya Mbali ya Sanatu

Mwana wanga Napari ali ndi akazi awiri ndi pikapu imodzi, ndipo pa zitatuzi chimene amachimvetsa ndi pikapuyo. Amanyamulira zilazi kupita kumsika ku Tamale, amanyamuka akangoswali kumzikiti kusanache. Vuto ndi potulukira pathu. Galimoto imatuluka chobwerera m'mbuyo, kudutsa pakati pa nyumba ya Sanatu, mkazi wamkulu, ndi ya Azara, wamng'ono, pomwe timagetsi take takumbuyo tili ngati maso a mbuzi yodwala.

Chaka chimodzi chokha anamuphwanyira Sanatu mitsuko itatu. Sanatu sanalire. Anangoti ukaphwanyika wina akubwerera kwa bambo ake ku Savelugu, ndipo mkazi ameneyu sanena kawiri. Ine ndimakangana naye tsiku ndi tsiku, koma wodziwa kuphika pakhomo pano ndi iyeyo. Msuzi wa Azara uli ngati madzi otsukira therere.

Ndiye Napari anagula nyale ziwiri, zazikulu ngati mbale. Ndinamuuza kuti apite nazo kwa amakaniko. Iye ayi, akuti mng'ono wake Wumbei amadziwa mawaya chifukwa anakonzapo wailesi. Wailesiyo ndi yanga. Imalankhula ukaimenya.

Tsiku lonse awiriwo anagona pansi pagalimoto, miyendo yokha kuonekera. Anabowola chitsulo chakumbuyo, kumanga nyale ina kumanja ina kumanzere, kukoka waya kuchokera ku batire. Akazi aja aliyense pakhomo pake, maso pagalimoto. Ine ndinakokera kampando kanga pakati kuti ndisaphonye kanthu.

Dzuwa litalowa, Napari anakwera n'kulowetsa giya yobwerera. Nyale ya mbali ya Azara inayaka mbee, mpaka nkhanga kuthawira padenga. Ya mbali ya Sanatu, zii.

Azara anaseka pang'ono chabe, ataphimba pakamwa ndi mpango. Sanatu anamva. Analowa m'nyumba, ife tinangomva mabeseni ake a ukwati akugundana. Kuno mkazi akayamba kutsitsa mabeseni, ndiye kuti ulendo wapsa.

Napari anathamangira pakhomopo, akuti ndi waya chabe. Sanatu anayankhira m'katimo.

"Nsalu mumagula ziwiri, bambo a Tiyumba. Nyama mumagawa pawiri. Lero kuwala mwapatsa mmodzi, mukundiuza za waya?"

"Mayi a Tiyumba, nyale ingadziwe bwanji khomo la munthu?"

"Woimanga amalidziwa."

Wumbei, ndi nzeru zake za wailesi zija, anati angozisinthanitsa nyalezo. Anasinthanitsa. Kwa Azara mbee, kwa Sanatu zii. Ine ndinathandizako pang'ono. Ndinanena mokweza kuti mwina galimoto imatsatira mtima wa mwini wake. Napari anandiyang'ana ngati si ine ndinamubereka.

Sanatu anatuluka mabeseni ali pamutu. Atafika pagalimoto anaima, n'kumufunsa Wumbei kuti chikumuvuta n'chiyani. Wumbei anafotokoza ngati mphunzitsi, kuti waya wofiira amabweretsa moto, wakudayo amangofunika kugwira chitsulo cha galimoto, ndipo wagwira. Sanatu anamulanda tochi, kuwerama mabeseni osagwedezeka n'komwe.

"Chitsulo chake chiti, alamu? Apa ndi dzimbiri lokhalokha. Mbali yanga mwaimanga pa uve."

Anatula katundu. Anati kupita akupita ndithu, koma sangasiye nyansi mbali yake, anthu angamadzanene kuti anali mkazi wauve. Anatenga mchenga ndi chokwechera mapoto, kumuuza Wumbei amasule bawuti, iye n'kukwecha pamalopo mpaka kung'anima ngati sefuliya yatsopano. Amuna awiri aja atangoima, manja m'chiuno, ngati anabwera kudzaonerera.

Wumbei anamanganso waya. Napari anakwera, kulowetsa giya. Nyale ya Sanatu inayaka mpaka tinaona buluzi pakhoma la mzikiti.

Sanatu sanamuyang'ane mwamuna wake. Ananyamula mabeseni, kulowa nawo m'nyumba, n'kufuula kuti Tiyumba, mwana wake wamkazi, abweretse nkhuni. Tsiku limenelo tinadya msuzi wa mtedza weniweni, ndipo ine ndinamuuza Sanatu kuti mchere wachepa, kuti asayambe kudzimva.

M'mawa mwake galimoto inatuluka osakhudza ngakhale chikho. Koma dzulo Azara anabwera kwa ine nkhope itagwa, akuti amayi, kodi simukuona kuti nyale ya anzangawa ikuwala kuposa yanga?

Ndinamuuza kuti inenso ndaona choncho, ndipo asachite manyazi, akamufunse mwamuna wake.