Wokhala m'nyumba

Amalume ake a Saulos anafika ku Mtsiliza masana, dzuwa likuswa mtengo. Saulos ndi mwamuna wa achemwali anga, a Dinah. Saulosyo anapita ku Joni mwana wawo ali kumsana, pano mwanayo ali sitandade 4. Uthenga umene amalumewo anabweretsa unali woti Saulos akubwera ndi mkazi wina, ndiye achemwali atuluke m'nyumba.

"Nyumba ndi ya hazibandi, amayi," anatero amalumewo, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Hazibandi akanena, wanena."

Mawu a Chingereziwo ankawatafuna ngati nyama. Ine sukulu ndinalekezera folomu 2, koma ndikapeza bandulo ndimakumba mawu pa foni, ndipo amenewa ndinawakumbapo kale.

"Abambo, mawuwo mukudziwa kumene anachokera?"

"Keziah, khala chete," anatero achemwali, osakweza n'komwe mutu.

Sindinakhale chete. Ndinawauza kuti Angerezi anachita kubwereka kwa anthu akale a ku Norway ndi maiko oyandikana nawo. Hus ndi nyumba. Bondi ndi munthu wokhala pamalo, wogwirapo ntchito. Ku Sweden ndi ku Denmark mpaka lero mlimi amati bonde. Zoti ndi mwamuna wokwatira zinabwera pambuyo.

"Ndiye wokhala m'nyumba muno ndani? Anamata ming'alu ndani? Mphepo itasasula malata, anakwera padenga ndi Saulos? Hazibandi wanu ndi awa akhala apawa."

Amalumewo anaseka pang'ono. "Iwe, ku Norwayko unapitako pa minibasi yanji?"

"Ya ku Joni, imene mwana wa mlongo wanu waiwala kukwera pobwerera."

"Mwana wopanda mwambo." Anatembenukira kwa achemwali. "Amayi, ndikayankhe chiyani?"

Achemwali anali atachapa zovala za eni ku Area 47 kuyambira m'mawa. Zala zinali zoyera, zamakwinya ndi sopo. Ndinkafuna akalipe, atukwane, aponye ngakhale beseni. Iwo anangodzikoka n'kukakhala pakhomo penipeni, n'kutambasula miyendo.

"Za ku Norway ine sindizidziwa," anatero. "Kukangana sindingathe. Kulongedza katundu sindingathenso, ndatopa. Mukawauze kuti akafika adzandinyamule okha, adzandiike kumene akufuna."

Amalumewo anadikira kuti mwina awonjezera. Kenako anavala chipewa chawo n'kulambalala ngalande ulendo wa kusiteji.

Ine mkwiyo unalibenso kopita. Ndinafuna kulowa kukamwa madzi, koma achemwali anali atatseka maso, atatsamira chitseko, ndipo sanasunthe mwendo. Ndinakhala pansi pambali pawo.