Sipanala Inali M'thumba Mwanga

Amuna anga atamwalira, mkulu wawo sanadikire n'komwe kuti maluwa a pamanda afote. Tsiku lachitatu anatulukira pakhomo, mimba patsogolo mwini wake pambuyo, n'kulunjika kushedi komwe timasungako njinga yamoto ya matayala anayi.

"Alamu, kiyi."

Moni ayi, pepani ayi. Munthu woti miyezi isanu ndi itatu mng'ono wake akuwonda pabedi sanabwere ngakhale ndi lalanje limodzi.

Njinga imeneyo ndiyo imatidyetsa ine ndi ana. Famu ya nkhuku komwe ndimasankha mazira ili pamwamba pa chitunda, ndipo lole siikwerako. Imaima kumunsi, pamsewu wa tala. Malemu ndiwo ankatsitsa mazirawo m'mawa uliwonse, pa kamsewu ka miyala ndi maenje okhaokha. Ndinawauza alamu angawo kuti kuyendetsa ndimatha, ntchitoyo ndiipitiriza ine.

Anaseka mpaka mimba kugwedera. "Mkazi ndi zitsulo? Inu zanu ndi kupukuta zitosi pamazira, alamu. Katundu wa mng'ono wanga ndisamala ndine."

Kiyi ndinawapatsa. Chomwe sindinawapatse ndi sipanala yangowe. Imeneyo ndinaiponya m'thumba la epuloni yanga.

Ndifotokoze. Pansi pa mpando wa njingayo, chakumbuyo, pali shoka imodzi, chitsulo chofewetsa mabampu, yokutidwa ndi sipuling'i yonenepa ngati mkono. Kumunsi kwa sipuling'iyo kuli mphete yachitsulo ya masitepe asanu. Ukaikweza, sipuling'i imapanikizika, njinga imapirira katundu wolemera. Ukaitsitsa, imafewa. Amuna anga ali bwino, mpheteyo inkakhala pa sitepe yachinayi. Matenda atayamba kuwadya, mabampu ankawapweteka m'mafupa, ndipo mphamvu zokoka sipanala zinawathera. Ndinkakoka ndine, iwo atakhala pachidebe akundilozera. Tinatsitsira pa yachitatu. Kenako yachiwiri, mathireyi n'kuchepetsa. Mwezi womaliza inali pa yoyamba, akunyamula mathireyi khumi okha, munthu atatsala khungu ndi mafupa. Sikelo sitinkaifuna ife. Ndinkalira kuseri kwa shedi, girisi ali m'manja.

Ndiye Lolemba m'mawa Chimimba, monga anthu amawatchulira alamu angawo, anafika kufamu atavala jekete la malemu, zipi osatseka chifukwa sinkafika. Mwini famu, amene tonse timangowati Madamu, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Munanyamulapo mazira, bambo?"

"Mazira? Ine ndanyamulapo simenti, mayi."

"Simenti sisweka," anatero Madamu, n'kulowa muofesi.

Ndinayamba kusanja mathireyi pakaliyala. Nditafika makumi awiri ndinaima. Iwo akuti onjezerani, sindikufuna kuyenda maulendo ambirimbiri ngati nyerere. Ndinaonjezera mpaka makumi anayi, n'kumanga bwinobwino ndi malamba. Kumanga ndinamanga moona, pasapezeke wonena kuti ndine.

Atakwera, kumbuyo kwa njinga kunangoti fwaa, ngati galu wokhala pansi. Sipuling'i inatsekeka yonse, chala sichikanalowa pakati. Iwonso anamva.

"Alamu, kumbuyoku kwatsika bwanji? Mng'ono wanga ankapanga chiyani zikatere?"

Sipanala inali kundigunda pantchafu. Ntchito yake ndi ya mphindi khumi. Ndinawayang'ana m'maso, ndinayang'ananso jekete lija.

"Ine ndidziwa chiyani za zitsulo, alamu? Zanga ndi zitosi."

Mlonda wa pageti anatsokomola n'kuyang'ana kumwamba. Ndinaonjezera kamodzi kokha:

"Malemu ankafika kumsewu lole isanaimbe huta kachiwiri. Koma inu musadzikakamize, ndinu wamkulu."

Anapotokola moto ngati akuthawa njuchi.

Tonse osankha mazira tinathamangira kumpanda. Pabampu yoyamba tinamva chitsulo kugunda chitsulo, kho! Padzenje la pafupi ndi thanki ya madzi, kho! kho! Mathireyi ankadumpha n'kutera, kudumpha n'kutera. Pokafika pakona ya miyala, njinga inali kusiya mzere wachikasu pansi ngati ikulemba msewu. Kenako inaima. Anatembenuka n'kubwerera pang'onopang'ono, mazira akuchucha m'matayala, m'buluku, m'nsapato, mpaka m'matumba a jekete.

Madamu anatuluka. Sanakuwe. Anakweza thireyi imodzi, inangopindika m'manja mwawo ngati nsanza yonyowa.

"Njingayi ndi yowola, mayi!" anatero Chimimba. "Mng'ono wanga anaisiya itatha. Ndikaigulitsa kwa ogula zitsulo."

Pamenepo ndiye magazi anandikwera. Kuigulitsa? Ndinatulutsa sipanala.

"Tsikani, alamu."

"Mwaitenga kuti imeneyo?"

"Ndati tsikani. Mwadetsa mpando."

Ndinatsitsa zonyansa zonse. Mlonda anabweretsa jeke ya m'galaja, tinakweza kumbuyo mpaka matayala analendewera, chifukwa mphete siizungulira sipuling'i ili ndi katundu. Ndinatsuka matope ndi mazira pampheteyo, n'kudonthezapo oyilo. Ndinakoletsa ngowe ya sipanala padzino la mpheteyo n'kukoka ndi thupi lonse. Inakana. Ndinaponda tayala n'kukokanso. Inati ga! Yachiwiri. Ndinakokanso, ga! Yachitatu. Tinatsitsa jeke. Ndinatenga kamtengo n'kuyeza kuchokera pakaliyala kufika pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala, n'kulemba ndi chikhadabo. Anzanga anasanja mathireyi makumi awiri ndi asanu atsopano, ine n'kukwera, mlonda n'kuyezanso.

"Yatsika zala zisanu, mayi."

"Zachuluka," ndinatero. "Tsitsani, tikwezenso."

Tinabwereza zonse. Pa sitepe yachinayi inatsika zala zitatu. Ndinadumphadumpha pampando, inkapita pansi n'kubwerera mwaulemu, osagunda.

Madamu anali ataima pambali pa ine, manja m'chiuno.

"Unkadziwa iwe."

"Ndinkadziwa."

"Ndipo unangoyang'ana mazira anga akupita?"

"Ndinayang'ana, Madamu. Akanafika nawo bwino, bwenzi ana anga akudya chiyani mawa?"

Madamu anayang'ana mzere wachikasu uja. Kumunsi lole inaimba huta.

"Ukabwerako utsuka kamsewu konseko ndi ndowa, wekha, kusanabwere ntchentche ndi agalu. Ukadzandichitanso zimenezi, geti ilo. Tsopano pita, thireyi imodzi ikasweka usabwerenso." Kenako anatembenukira kwa Chimimba. "Inu bambo, njinga iyi imalowa pano ndi mayiyu basi. Ngati mukuifunabe, tikakumane kupolisi. Mukafotokoze za mazira anga, mukafotokozenso mapepala ake ali m'dzina la ndani."

Kiyi anali kale panjinga.

Ndinatsika chitundacho maulendo anayi. Dalaivala wa lole anatsegula thireyi ndi thireyi kufunafuna losweka, mpaka anatopa. "Mayi inu, mwayenda pamphepo kapena?"

Ulendo womaliza ndinawapeza alamu anga pakona ya miyala, akutsika wapansi, miyendo atatang'adza chifukwa buluku linali litauma gwa. Ntchentche zinali kuwaperekeza. Anakweza dzanja.

"Alamu, zatha izi, ndife banja limodzi. Ndikwezeniko mpaka kumsewu."

Ndinaima, injini osazimitsa.

"Vulani kaye jeketelo."

Anavula. Ndinalipinda n'kulikhalira, lonunkha choncho.

"Ndiye ndikwere pati?"

"Ndasetera ine ndi mazira, alamu. Ya inu sitepe yake palibe."

Ndinaika giya. Msewu wa tala unali udakali kutali, ndipo dzuwa linali litangoyamba kuwotcha.