Chilimira cha mayi Mwanahalima

Suwilanji anali asanamwe ndi tiyi yemwe pamene mayi Mwanahalima anatulukira pakhonde la ofesi ya gulu la asodzi ku Ngala, pepala lili kumanja. Mwana wa Suwilanji, Tedson, anali atalira m'mawa wonse, mano akumera, ndipo tsopano anangoti lende kumsana kwa mayi wake.

"Amake Tedson, ndinu munapanga zolembetsa za pa intaneti zija?"

"Ndine, mayi."

"Tandiuzani, chilimira changa ndinawagulitsa liti alamu angawa?"

Papepalapo panali polembedwa bwino: mwini bwato Fakiri, mwini chilimira Fakiri. A Fakiriwo anali pabenchi, akutokosa m'mano.

"Ine sindinabe kanthu, mlamu. Makina aona okha woyenera."

"Woyenera inuyo? Osadziwa ndi kusoka pong'ambika pomwe?"

Suwilanji sanaseke. Kaundula wa eni mabwato ndi maukonde amapita kuboma ndi apampando a gululo masana omwewo, ndipo dzina lolembedwamo ndilo lidzakhale pachiphaso. Chimwalirire amuna awo, mayiwa akhala akulimbana ndi abale a malemuwo pa ukonde umenewu.

Suwilanji anatsegula laputopu. Tsamba linali limodzi, mafomu awiri: ya bwato ndi ya ukonde, batani lotumizira limodzi. Fomu iliyonse inali ndi kabokosi ka mwini, ndipo timabokosi tiwiriti anatipatsa chizindikiro chimodzi m'kati mwa pulogalamu. Ndiye pulogalamuyo, polandira, imangotola dzina loyamba n'kulimata konsekonse. Poyesa anayesera pa akuluakulu a komiti atatu, onse a bwato lawolawo ndi ukonde wawowawo. Anaiwala zomwe amaona tsiku lililonse popita kukachapa: kuno bwato likhoza kukhala la wina, chilimira cha mayi wina, nyali za wachitatu.

Kukonza sikunatenge nthawi. Anasiyanitsa timabokosito, kena ka bwato, kena ka ukonde, n'kuuza pulogalamu kuti kalikonse kazipita kwake. Koma atayang'ana mosungira, mayina a eni maukonde munalibemo. Sanasungidwe n'komwe. Maukonde makumi anayi ndi atatu.

Anatseka maso pang'ono. Msana unali kuwawa.

"Zatheka?" anafunsa mayi Mwanahalima.

"Zanu zitheka pano. Tchulani dzina lonse."

Anatchula, Suwilanji n'kulemba, n'kudina batani. Anawatembenuzira laputopu. Mayiwo anawerenga ndi chala, kawiri, kenako anang'amba pepala lakale lija n'kuwapatsa a Fakiri zidutswa zake.

"Sungani, alamu. Gawo lanu ndi limeneli."

Suwilanji anamangitsa mbereko, natenga foni ndi ambulera. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha mchenga.

"Eni maukonde enawo muwapeza bwanji nthawi yatha kaleyi?" anatero a Fakiri.

"Ndiwadziwa onse ine, ndi maukonde awo omwe," anayankha mayi Mwanahalima, akuvala nkhwaira. "Tiyambire kwa Ummy, ndi pafupi. Inu alamu, mukawauze apampando asakwere galimoto tisanabwere."