Ukwati Wodikira Banjo

Lenard anabwerako kunkhondo mu 1946 ndi zinthu ziwiri, chifuwa chosatha ndi lipenga lophwanyika m'mbali. Kuliza ankadziwa, pamenepo tisamunamizire. Chaka chisanathe anapeza anzake atatu oimba nawo jazi: Twaibu wa banjo ya chitini cha mafuta, Abbas wa gitala wosema yekha, ndi Mose womenya ng'oma za chikopa cha mbuzi. Anadzitcha Lifuwu Jazi Bandi.

Tsoka lake, atatu onsewo anali asodzi. Mvula ikangokata, ankakwera bwato ulendo wa ku Mbenji n'kukakhala pachilumbapo miyezi, nthawi yomwe kumtunda kuli maukwati ndi madansi. Ankabwerako mu Disembala, anthu ali kalikiliki m'minda, nkhokwe zili mbee, ng'oma zitalefuka ndi chinyezi moti zinkalira ngati thumba la gaga. Zaka zisanu ndi ziwiri bandiyo inaimbira achule pakhonde pa Lenard, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima. Ankangofuna tsiku limodzi lokha loti anayi onse aime pagulu anthu awamve.

Mu 1953 Eveles, mwana wa mlongo wake Salome, anapeza mwamuna, Anderson, wogwira ntchito panjanji. Poti Lenard ndiye anali mtsibweni, wotchula tsiku la ukwati anali iye. Anatchula Julayi, natumiza uthenga kuchilumba. Twaibu anayankha kuti inshallah afika. Sabata ya ukwatiyo mwera unawomba, bwato silinayerekeze kuoloka, ndipo Lenard anauza ankhoswe kuti mapira a thobwa sanaume bwino. Bodza lenileni, mapira anali gwa.

Anasunthira ku Seputembala. Apo utaka unagwa wosaneneka, ndipo msodzi wanji angasiye nsomba chifukwa cha dansi? Kunabwera Mose yekha, ng'oma anaiwala komweko. Lenard anapsa mtima mpaka kulephera kudya, koma ukwati anaukankhiranso patsogolo. Salome anamudandaulira kuti galamafoni ya mphunzitsi ilipo, ana akwatirane basi, zengerezu adalinda kwawukwawu. Iye anati mwana wa mlongo wake sangavinire bokosi amalume ake ali ndi bandi. Eveles anabwera yekha kudzagwada, misozi ili mbwee, koma Lenard anangomuuza kuti apirire pang'ono, adzathokoza.

Mu Disembala asodzi aja anatulukira onse atatu. Lenard anatsimikiza kuti kaya mvula kaya njala, ukwati ndi Loweruka likudzalo. Anakoleza moto wa zitsononkho, nawamba ng'oma mpaka zikopa zinakungika. Masana amenewo anaimba mokoma kuposa kale lonse, mwiniwake thukuta lili kamukamu, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba.

Salome anafika nyimbo ili pakati, nakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti ithe.

"Mwamva, alongo?" anatero Lenard akupukuta lipenga. "Loweruka anthu adzaona."

"Kulibe ukwati, achimwene. Eveles ali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo kumpingo amudula. Anderson wamutenga m'mawa uno, apita ku Limbe."

Lenard anafunsa chifukwa chake mwanayo wachoka osadzatsanzika kwa amalume ake.

"Anandipempha kuti ndisakuuzeni mpaka sitima itanyamuka," anatero Salome. "Amaopa kuti mumuuza adikire."