Kumva kwa Khutu ndi Kumva kwa M'mimba

"Iwe usandiphunzitse ntchito! Unabayapo munthu jakisoni iwe?"

Ameneyo ndi mwana wanga wotsiriza, namwino, kukalipira mlamu wake, mpongozi wanga mphunzitsi, m'khitchini mwanga momwemu. Ine ndinangosendeza mpando kuti ndimve bwino.

Nkhani yake ndi iyi. Kuchipatala kwa mwanangayo kunabwera dalaivala wa lole, mlendo wodziwa Chingerezi chokha, atagwira pamimba. Kwa ife kumva n'kumodzi: umamva belu, umamvanso kupweteka. Koma m'Chingerezi akuti anagawa pawiri, kwa khutu ndi "hiya", kwa thupi ndi "filu". Mwana wanga anafunsa ndi liwu la khutu. Bambo uja kudabwa, kugwira khutu, kupukusa mutu. Mwana wanga kulemba kuti alibe ululu, n'kumukhazika kumapeto kwa mzere. Bamboyo anagwa pabenchi pomwepo. Anathamanga naye kukamuchita opaleshoni, anatsala pang'ono kutisiya.

Akuluakulu a chipatala anamupatsa mwana wanga milungu inayi. Adzamuyesa kufunsa wodwala m'Chingerezi. Akalephera, avule yunifolomu.

Mpongozi anangoti, "Alamu, tiziyeserera limodzi mukaweruka." Basi, moto buu!

Ndinati, "Iwe, kusukulu sindinapondeko, koma munthu wogwira pamimba sindingamufunse za khutu. Khala pansi!"

Anakhala, milomo ili tuu. Poyesererapo, wodwala ndinali ine. Ndinkagona pamphasa n'kumabuula mpaka aneba kubwera kudzazonda.

"Musamatembenuze liwu ndi liwu, alamu," ankatero mpongozi. "Funsani, aloze ndi chala pomwe pakupweteka, kenako mubwereze zomwe wanena, avomere yekha."

"Ndamva, ahedi," mwana wanga kuyankha, mano ali gwa.

Tsiku loyesedwa tiyi anamukanika. Anamupatsa mayi wachilendo wa mwana wotentha thupi, adokotala aakulu ali chilili kumbuyo ndi cholembera. Mayiyo ananena liwu lina, iye osalimva. Akuti thukuta linatsika mpaka m'nsapato. Koma anati, "Pepani, bwerezani pang'onopang'ono." Anabwereza, anamvana, mwana analandira mankhwala oyenera. Yunifolomu yatsala pathupi.

Ndiye inu a m'chipatala, phunzirani chilankhulo chomwe odwala anu amayankhula. Pomwe simunamvane, funsaninso, musalembe zongoganiza.

Koma mwana wanga zikomo kwa mlamu wake sananene. Akuti ankadziwa kale, anangosokonezeka. Mpongozi atamva anangosonkhanitsa mabuku ake n'kutuluka. Lero ndi sabata yachitatu awiriwo osayankhulana, kaya m'Chichewa, kaya m'Chingerezi.